Mbiri ya amayi mphunzitsi: za ukali wawo tilembemonso?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Mayi awo anamwalira chaka chatha ali ndi zaka 90. Anali mphunzitsi wa pulayimale m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, komanso mayi wa Chigwirizano mu mpingo wa CCAP, Sinodi ya Nkhoma. Banja likukonzekera mwambo wa chiliza, ndipo abale asankha iwowa kuti alembe mbiri. Akufunsa motere: "Pamaliro mbiri inawerengedwa, koma inali ya wina aliyense: anabadwa, anaphunzira, anakwatiwa, asiya ana akuti ndi zidzukulu zakuti. Ine amayi anga sindinawamvemo. Ndiyambire pati? Nanga poti anali aukali, ndilembemo zimenezo kapena kumeneko n'kunyoza malemu?"

Achemwali, pepani kwambiri. Koma amene analemba mbiri ya pamaliroyo musawaimbe mlandu. Mbiri zotere zimalembedwa usiku pasiwa, maso atatupa, wolembayo akufunsa chaka cha ubatizo kwa munthu amene mutu wake uli pa bokosi, ufa ndi galimoto. Ubwino wa chiliza ndi wakuti nthawi ilipo.

Yambani ndi sutikesi yawo. Aphunzitsi akale sankataya pepala. Tumani mng'ono wanu akatsegule, akujambulireni chilichonse pafoni: satifiketi ya uphunzitsi, makalata owasamutsa kupita kusukulu ina, khadi la mpingo, mapepala a penshoni. Makamaka atsegule Buku Lopatulika lawo. Patsamba loyamba kapena lomaliza amayi a msinkhu umenewo ankalembapo masiku obadwa a ana, ngakhale a ana amene anapita ali akhanda, amene mwina inu simunauzidwe n'komwe. Muonenso masamba amene anada ndi zala mpaka kufewa ngati nsalu. Ndime ya pachiliza muitenge pamenepo. Miyambo 31 ndi yabwino, koma yawerengedwa pamaliro a amayi ambiri moti makutu a anthu anaizolowera.

Pa chaka chobadwa samalani. Anthu ambiri a m'ma 1930 analibe chikalata cha kubadwa, ndipo pa kalembera wa ziphaso za unzika wa 2017 okalamba ena anangotchula chaka chongoyerekeza. Ngati anabatizidwa ali mwana, kafunseni kaundula wa ubatizo ku mpingo umene anakulira. Zikakanika, lembani "cha m'ma 1934". Mwala sufufutika, ndiye musazokotepo tsiku limene simukulitsimikiza.

Tsono moyo wa zaka 90 umamveka bwino ukauika m'nthawi yake. Mayi anu anayamba sukulu kukadali makalasi oyambira a Sub A ndi Sub B, pamene mtsikana wofika Sitandade 6 ankalozedwa chala ndi mudzi wonse. Funso loyamba ndi lakuti: ndani anawalola, ndani ankalipira fizi, pamene anzawo ankakwatiwa? Pamenepo pali munthu woyenera kutchulidwa, kaya ndi malume, kaya ndi mayi wogulitsa mtedza. Njala ya 1949 inawapeza ali mtsikana. Dziko likulandira ufulu mu 1964 anali kale ndi choko m'manja. Mu 1968 phunziro limene ankalitcha Chinyanja linasanduka Chichewa, chiyankhulo cha fuko. Mu 1971 malipiro awo anachoka pa mapaundi ndi masheleni n'kukhala makwacha ndi matambala. Mu 1989 boma la Kamuzu Banda linalamula aphunzitsi kubwerera kuzigawo za kwawo, ndipo sukulu zambiri za chigawo chapakati zinataya aphunzitsi ochokera kumpoto. Mwina pakati pawo panali mnzawo wapamtima. Mu 1994, Bakili Muluzi atayambitsa pulayimale yaulere, ana anasefukira kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi n'kumachitikira pansi pa mitengo, ndipo aphunzitsi ena opuma anaitanidwanso kudzathandiza. Kodi iwo anabwerera?

Sikuti zaka zonsezi muzilowetse m'mbiri, iyayi, mungagonetse anthu. Ntchito yake ndi kutsegula pakamwa pa okalamba. Mukafunsa gogo kuti "amayi anali munthu wotani?" adzakuyankhani kuti "anali munthu wabwino, wopemphera," basi nkhani yathera pomwepo. Koma mukafunsa kuti "chaka chimene ndalama zinasintha munali nawo sukulu iti, nyumba yake inali yotani?" mudzamva za denga laudzu lodontha, za nyali yakoloboyi imene ankachongera makope mwana ali kumsana, za njinga ya abambo imene inkanyamula katundu yense tsiku losamuka.

Okalambawo afunseni mwezi uno, osadikira Disembala mukabwera. Anzake a munthu wa zaka 90 atsala owerengeka. Imbani foni, kapena tumani mdzukulu akakhale nawo pakhonde, ajambule mawu awo n'kukutumizirani pa WhatsApp. Fufuzani mphunzitsi mmodzi amene anagwira nawo ntchito, amayi awiri a Chigwirizano, ndi ana a sukulu akale. Pa ana a sukuluwo musangofuna amene anakhala madokotala ndi mabwana ku Lilongwe. Mlimi wa fodya amene amawerenga yekha sikelo osaberedwa, nayenso ndi chipatso cha amayi anu, ndipo kawirikawiri ndiye amakumbukira zambiri.

Za chikhristu chawo ndikupemphani chinthu chimodzi: musalembe kuti "anali wokonda Mulungu" n'kusiyira pomwepo. Onse amene adzakhale pamwambopo akudziwa kale. Tiuzeni chimene chikhulupirirocho chinkachita. Ankadzuka nthawi yanji kupemphera, ndipo ankatchula mayina a ndani? Bulauzi yoyera ndi duku loyera lija ankazisita liti, ndi simbi yamakala? Ndi nyimbo nambala chani imene ankaiyambitsa okha pamaliro a anthu ena, mawu atayamba kale kunjenjemera? Ndi ana angati a eni ake amene anakulira m'nyumba mwanu, inu n'kumadandaula kuti ndiwo zikuchepa? Amayi a Chigwirizano ndiwo amayendera odwala, kuphika pamaliro ndi kulangiza atsikana, ntchito zimene sizilembedwa m'buku lililonse. Mukapanda kuzilemba inu, palibe adzazilembe.

Tsopano za ukali. Yankho langa ndi lakuti lembanimo. Mukachotsa zimenezo, theka la anthu okhala pamwambopo, amene analawa chikoti chawo, adzadziwa kuti mukunena za munthu wina. Baibulo limene amayi anu ankawerenga silinabise tchimo la Davide kapena kukana kwa Petro, ndipo anthu amenewa sitinaleke kuwalemekeza. Nkhani ili pa kanenedwe. Mukhoza kunena kuti, "Amayi sankaseka ndi mwana wochedwa, ndipo ambiri muli panowa mukukumbukira kuthamanga mukamva belu." Anthu adzaseka, ena adzapukuta misozi, chifukwa awazindikira. Nthawi imeneyo chikoti chinali chololedwa, makolo ankachita kuuza mphunzitsi kuti "mumukwapule ameneyu." Lero n'choletsedwa m'sukulu, ndipo ine ndimaona kuti kuletsako kunali koyenera, pakuti pali ana amene anathawa sukulu chifukwa cha mantha ndipo sanabwererenso. Simuyenera kuchitamanda chikoticho, komanso simuyenera kuwaweruza amayi ndi malamulo amene m'masiku awo kunalibe.

Pali malire ake. Ukali wa m'kalasi ndi nkhani ya onse. Koma ngati pali bala la m'banja, mwana amene ankadzimva kuti sakondedwa, mpongozi amene sankalankhulana nawo, zimenezo si za pamaikolofoni pamaso pa mafumu ndi mpingo. Mukakhale pansi pachibale usiku wake, ndi atsibweni, mukambirane. M'kalata mwanu mwanena kuti inu ndinu woyamba kubadwa, ndiye ndikuganiza kuti ukaliwo unayambira pa inu. Ngati mbali ina ya funsoli ndi yanu, mulembe zimenezo papepala lanulanu kaye, kenako muone chimene chikuyenera kumvedwa ndi gulu.

Mulembe mbiri ziwiri. Yowerenga pamwambo isapitirire tsamba limodzi ndi theka, chifukwa pali ulaliki, amfumu, akubanja, ndi dzuwa. Sankhani nkhani zitatu zokha, ya kusukulu, ya kumpingo ndi ya kunyumba, ndipo abusa kapena mkulu wa mpingo aione tsiku lisanafike. Yaitaliyo ikhale kabuku ka banja, m'Chichewa, kokhala ndi zithunzi, mayina a sukulu zonse motsatana ndi zaka zake, ndi mawu a okalamba aja monga momwe anayankhulira, osawakonza. Kwa zidzukulu zobadwira ku Joni zimene Chichewa chimazivuta, mukhoza kuwonjezera Chingerezi kumapeto.

Pomaliza, muwerenge mokweza kunyumba kangapo. Pamene mawu akukutsamwitsani, ikani chizindikiro, ndipo mupemphe mng'ono wanu adzaime pambali panu ndi pepala lake kuti adzapitirize ngati inu mwalephera.