Mafunde a mwera si tsunami, mayi

Mayi wina wa ku Salima wandilembera kufunsa ngati mwana wake akulondola akamatchula mafunde akuluakulu a ku Senga Bay kuti "tsunami". Mayi, funso lanu landikumbutsa kutali.

Ndili ndi zaka 12 ndinakwera bwato la malume anga ku Nkhotakota, mu July. Tinanyamuka nyanja ili bata. Dzuwa lisanafike paliwombo, mwera uja unayamba. Malume anandiponyera chitini: "Kapa madzi, usayang'ane kunja!" Ndinkakapa manja akunjenjemera, usipa ukuyandama m'mapazi. Titafika kumtunda iwo anangoti, "Nyanja inakalipa lero." Nyanja yomweyi inamiza sitima ya Vipya pa 30 July 1946, anthu 145 n'kufa. Imeneyo inali mphepo, ndipo dzina lake tili nalo.

Tsunami ndi mawu a Chijapani: tsu ndi doko, nami ndi funde. Ife satipinda lilime, poti "ts" tinamuzolowera mu tsiku ndi tsoka. Fundeli silibwera ndi mphepo ayi. Kawirikawiri limayamba ndi chivomerezi cha pansi pa nyanja yamchere. Pakati panyanja limathamanga ngati ndege koma lili lalifupi, msodzi osalizindikira n'komwe. Likamafika posaya m'pamene limatukumuka. Nthawi zina madzi amayamba athawa kaye kugombe, nsomba zili phiriphiri pamchenga, anthu n'kuthamangira kukatola.

Pa 26 December 2004 chivomerezi cha kufupi ndi chilumba cha Sumatra ku Indonesia chinadzutsa funde lomwe linapha anthu opitirira 200,000, mpaka linafika ku Somalia, Kenya ndi Tanzania. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva wandale akudzitama pamsonkhano kuti chipani chake chibwera ngati tsunami. Ayi, zimenezo n'zolakwika, ndipo sindibweza mawu. Anthu a ku Zimbabwe okha ndimawamvetsa: mu 2005 boma litagwetsa nyumba zawo pa ntchito yomwe linaitcha Murambatsvina, iwo ankati "tsunami", poti munthu ankadzuka ali ndi denga n'kugona pamtetete. Ena mwa iwo anali zidzukulu za Amalawi amene anapita kukagwira ntchito kumeneko.

Nanga mwanayo mumuuze chiyani?

Muuzeni kuti za ku Senga Bay ndi mafunde a mwera, mphepo ikafika poipa ndi namondwe. Ndipo akaona asodzi akukokera mabwato kumtunda, nayenso atuluke m'madzi.