Phungu amene anapha munthu n'kudzakhalanso kazembe

Funso: Akulu, ndinamva zoti ku America kalekale kunali phungu wina anapha munthu koma khoti linamumasula, kenako anadzakhala mkulu wa asilikali komanso kazembe. Zoona zimenezi? Wowerenga wa ku Mzimba.

Yankho: Eee achimwene ndi zoona ndithu, ameneyo ndi Daniel Sickles, phungu wa ku New York. Mu 1859 anawombera Philip Barton Key pafupi ndi White House ku Washington atadziwa zoti amazemberana ndi mkazi wake Teresa, ndiye kukhoti maloya ake anati mutu unangomusokonekera kwa kanthawi, basi n'kumumasula, kanali koyamba ku America munthu kupulumuka pa chifukwa chimenechi. Chimandiwawa n'chakuti anthu anamukwiyira kwambiri atabwererana ndi mkazi wakeyo kuposa mmene anakwiyira imfa ija.

Pa nkhondo yapachiweniweni ku Gettysburg pa 2 July 1863 Sickles, yemwe tsopano anali mkulu wa asilikali, anasuntha asilikali ake osamvera bwana wake General Meade, ambiri anathera pompo, iyenso chipolopolo cha mzinga chinamuphwanya mwendo wakumanja mpaka anaudula. Mafupawo anawapereka ku myuziyamu ya asilikali ndipo ankapita kukawaona. Mu 1869 Pulezidenti Grant anamutumiza ku Spain ngati kazembe. Anamwalira mu 1914 ali ndi zaka 94.