Proxy yaulere ndi laputopu ya mwana wanu

Mayi ena a ku Namwera andilembera za mwana wawo amene walemba MSCE chaka chino. Pano mnyamatayu amabena nyimbo ndi mafilimu ku Mangochi boma, ndipo zonse amazitenga pa torrent, njira yogawana mafayilo pa intaneti, kudzera pa proxy yaulere, kompyuta ya wina imene intaneti yake imadutsiramo. Amawauza kuti "palibe angandione". Mayiwa akufunsa ngati nzoona, poti laputopu yomweyo ndi imene mnyamatayu akufunsira malo kukoleji.

Mayi, si zoona. Pa torrent kompyuta imatenga tizidutswa ta filimu kwa anthu ambirimbiri, nayonso nkumagawira ena, ndipo onsewo amaona IP address yake, imene ndi adiresi ya kompyutayo pa intaneti. Proxy ili ngati munthu amene mwamutuma kukagula chambo padoko. Asodzi aona nkhope yake m'malo mwa yanu, koma iyeyo akudziwa kwanu, ndipo ndalama ndi nsomba zonse zadutsa m'manja mwake. Nanga ngati simukumulipira, akudya chiyani? Mu 2015 zinaululika kuti pulogalamu yonga proxy yotchedwa Hola, imene anthu ankaigwiritsa ntchito mwaulere, inkagulitsa intaneti ya anthu omwewo kwa ena kudzera ku kampani yotchedwa Luminati. Proxy ya mtundu wotchedwa SOCKS5 siphimba zimene zikudutsamo, ndipo mapulogalamu ena a torrent amailambalala ndithu nkuonetsa adiresi yeniyeni. Ngakhale eni ake a Tor, njira ina yobisira adiresi pa intaneti, amaletsa kudutsitsa torrent pa njira yawo.

Koma chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi laputopuyo. Ndinaonapo mtsikana wina ataika pulogalamu ya crack, yothyoledwa kuti igwire ntchito osailipira, imelo yake nkulandidwa, mayankho a kukoleji nkumapita kwa munthu wosadziwika. Anataya chaka. Mwana wanu asinthe mapasiwedi onse lero, pa foni ina, ndipo laputopuyo itsukidwe kuchotsa mavairasi isanagwirenso mafomu kapena zikalata zake.

Adziwenso kuti kugulitsa nyimbo za eni popanda chilolezo nkulakwira lamulo la Copyright Act la 2016. Afunse za laisensi ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba.

Musamulande kompyutayo, chonde. Mnyamata amene waphunzira yekha kukhazikitsa proxy ali ndi mutu wa ntchito imeneyi, ndipo mabanki ndi makampani a mafoni amafuna anthu oteteza makompyuta awo. Ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuli digiri ya Computer Systems and Security. Zotsatira zikatuluka, munditumizire zimene wapeza pa Masamu ndi Physics, tione ngati angafunsire kumeneko kapena ayambe ndi kozi ya ICT ya TEVETA.