Mpweya wa matayala a kalavani

Achimwene, mwafunsa kuti mupope mpweya wochuluka bwanji m'matayala a kalavani yanu musananyamuke ku Dedza kupita kunyanja. Choyamba, musatengere nambala ya mpweya wa matayala a galimoto yokokayo ayi. Kalavani ili ndi yake. Yang'anani m'buku lake kapena pa kachitsulo kolembedwa kamene kamakhala pafupi ndi chitseko.

Ngati kachitsuloko kanafufutika, werengani pambali pa tayala. Pamalembedwa katundu amene lingasenze ndi mpweya wothera. Mwachitsanzo, tayala la 185R14C lolembedwa 102 limasenza makilogalamu 850 pa 65 psi (psi ndi muyeso wa mpweya wa m'tayala). Kalavani yodzaza ikamalemera makilogalamu 1,200 pa matayala awiri, lililonse lasenza 600. Gawani 600 ndi 850, muchulukitse ndi 65, mupeza pafupifupi 46 psi. Ambiri amangopopa 65 yonseyo, ndiye kalavani imadumphadumpha m'maenje, makapu m'kabati n'kusweka.

Yezani m'mamawa matayala asanatenthe, kuja kuzizira kwa Dedza kusanathe. Mukatsika Khwekhwelele kufika ku Golomoti, geji idzakwera chifukwa cha kutentha. Musaphwetse! Ine ndinaphwetsapo, m'mawa mwake ndinapeza tayala lafwafwala ngati mpira wa ana.

Gulani geji yanuyanu, chifukwa za anyamata opopa m'mbali mwa msewu zina zinatopa. Onaninso pambali pa tayala manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT, osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Tayala likapitirira zaka zisanu, ngakhale mano ali bwinobwino, sinthani. La sipeya musaliiwale.