Funsani Dokotala wa Ziweto: Mphere Zikubwererabwerera pa Galu Wanga Wamng'ono

FUNSO: A Dokotala, ndili ndi galu wamkazi wa miyezi 9, wosakanizika mtundu wa Boerboel ndi wachikuda. Ali ndi miyezi 4, ubweya unayamba kuthothoka mozungulira maso ndi m'mbali mwa pakamwa, kenako m'miyendo yakutsogolo. Munthu wina wogulitsa mankhwala a ziweto anandiuza kuti ndi mphere, ndipo anamubaya jakisoni wa ivermectin kawiri komanso jakisoni wina amene anati ndi woletsa kuyabwa. Ubweya unameranso ndipo tinasangalala, koma patangopita mwezi umodzi zinayambiranso. Apa ndi kachitatu, ndipo ulendo uno zafika poipa chifukwa khungu lafiira, likununkha, lili ndi tizilonda totuluka mafinya, ndipo mapazi atupa. Anzanga ena akuti ndimupake oyilo wakutha wa galimoto, ena akuti ndingomutaya. Galu wathu wamkulu amagona naye khola limodzi koma alibe vuto lililonse. Ana anga amamukonda kwambiri ndipo ndikuopa kuti angatengere matendawa. Ndichite chiyani? Bambo wa ku Chilomoni, Blantyre.

YANKHO: Bambo, zikomo chifukwa cha kalata yanu, ndipo ndiyambe ndi kukupemphani kuti galuyu musamutaye. Matenda amene mwafotokozawa amachizika, ndipo kubwereranso kwake sikutanthauza kuti galuyo ndi wosachiritsika, koma kuti sanalandirepo chithandizo chofika kumapeto kwake.

Mawu akuti mphere timawagwiritsa ntchito pa matenda awiri osiyana, ndipo chisokonezo chambiri chimayambira pamenepa. Mphere zoyamba zimabwera ndi kachilombo kotchedwa Sarcoptes, kamene kamaboola khungu pamwamba. Zimenezi zimayabwa moti galu amadzikanda usiku wonse, zimakonda m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono, zimafalikira msanga kwa agalu ena, ndipo anthu a m'nyumba amathanso kutuluka totupa toyabwa m'manja ndi pamimba. Mphere zachiwiri zimabwera ndi kachilombo kotchedwa Demodex canis, kamene kamakhala mkati mwenimweni mwa timaenje timene ubweya umamerera. Sindingatsimikize popanda kumuona galuyo, koma msinkhu umene anayambira kudwala, malo amene ubweya unayambira kuthothoka, komanso kuti mnzake wa khola limodzi ali bwinobwino, zonsezi zikuloza ku mtundu wachiwiriwu. Ngati ndi choncho, mtima wanu ukhale pansi pa nkhani ya ana, chifukwa Demodex wa galu sakhazikika pa khungu la munthu. Chofunika n'chakuti anawo azisamba m'manja ndi sopo akamugwira, popeza mafinya a m'zilondazo ali ndi mabakiteriya.

Chimene ambiri chimawadabwitsa n'chakuti kachilomboka si kachilendo pa thupi la galu. Pafupifupi galu aliyense ali nako pang'ono, ndipo anakatenga kwa mayi wake m'masiku awiri kapena atatu oyambirira a moyo wake, pamene ankayamwa. N'chifukwa chake zizindikiro zimayambira kumaso, pakamwa ndi m'miyendo yakutsogolo, malo amene kagalu kamakhudzitsa pa bere la mayi wake poyamwa. Galu wathanzi, chitetezo cha m'thupi mwake chimatigwira tizilomboti kuti tisachulukane, ndipo amakhala nato moyo wake wonse osadwala. Koma kagalu kamene chitetezo chake sichinakhwime, kapena kafooka ndi njoka za m'mimba, njala, matenda ena kapenanso chibadwa cha makolo ake, kamalephera kutiletsa, ndipo timaswana mpaka timaenje ta ubweya timadzaza n'kuphulika. Matendawa amaonekera kwambiri pa agalu a miyezi 3 kufika 18. Akakhala timadontho tochepa, tosaposa tinayi, kawirikawiri amatha okha pakadutsa milungu 6 kapena 8. Koma akafalikira thupi lonse kapena kulowa m'mapazi monga zachitikira kwa galu wanu, saatha okha, ndipo a m'mapaziwo ndi amene amachedwa kwambiri kupola.

Tsopano tifike pa funso lanu lenileni, la chifukwa chimene matendawa akubwerera. Ndikuona zifukwa zitatu m'kalata yanuyi, ndipo chachikulu ndi chakuti mankhwala ankasiyidwa ubweya ukangomera. Ubweya umayamba kumera tizilombo tikangochepa, osati tikatha. Pansi pa khungu looneka bwinolo pamakhala patatsala tizilombo tamoyo ndi mazira ake, ndipo popeza dzira limasanduka kachilombo koikiranso mazira m'milungu pafupifupi itatu, mwezi umodzi umakwanira kuti gulu latsopano lidzaze pamene panali lakale. Mwezi umene munauwerenga pakati pa kuchira ndi kuyambiranso ukugwirizana ndendende ndi zimenezi. Majakisoni awiri a ivermectin amatha kuthandiza pa mphere za Sarcoptes, koma pa Demodex ndi ochepa kwambiri. Mankhwala amenewa akamagwiritsidwa ntchito pa matendawa amaperekedwa akumwa tsiku lililonse kwa miyezi ingapo, pa mlingo umene dokotala amawerengera molingana ndi kulemera kwa galu.

Chifukwa chachiwiri ndi jakisoni woletsa kuyabwa uja, ndipo ameneyu ndi amene akundidetsa nkhawa koposa. Kawirikawiri jakisoni wotereyu amakhala wa gulu la dexamethasone kapena prednisolone. Mankhwalawa amachotsadi kufiira ndi kuyabwa m'masiku ochepa, moti mwini galu amaona ngati apeza mankhwala enieni, koma amachita zimenezi pofooketsa chitetezo cha m'thupi, chomwecho chimene chimayenera kugwira tizilomboti. Ndaonapo agalu ambiri amene anabwera ndi kadontho kamodzi pansi pa diso, n'kubweranso patapita miyezi iwiri thupi lonse lili zilonda zokhazokha atalandira jakisoni ameneyu. Chonde galu wanu asalandirenso mankhwala a gulu limeneli, kaya obaya, akumwa kapena odzola, ndipo musachite manyazi kufunsa dzina la mankhwala alionse amene munthu akufuna kumubaya.

Chachitatu ndi zimene zikumufooketsa galuyo. Mudzifunse kuti anamwa liti komaliza mankhwala a njoka za m'mimba, komanso kuti amadya chiyani. Agalu ambiri kwathu kuno amakulira phala la madeya ndi mkute wa nsima, chakudya chimene chimakhutitsa koma sichimanga thupi, makamaka kwa galu wa mtundu waukulu ngati Boerboel amene pa miyezi 9 akadali kukula. Ngati chakudya cha m'matumba chakudulirani, muzithira m'phalamo usipa kapena bonya wopanda mchere wambiri, dzira lowiritsa, soya wokazinga ndi kugaya, kapena zam'kati za nkhuku zophika bwino. Palinso nkhani ya msinkhu wake, chifukwa galu wamkazi wa miyezi imeneyi amakhala akuyandikira nyengo yake yoyamba yofuna mphongo, ndipo kusintha kwa m'thupi kwa nthawi imeneyi kumadzutsa matendawa ngakhale kwa galu amene ankaoneka kuti wachira.

Choyamba choti muchite ndi kupita naye kwa dokotala wa ziweto amene ali ndi maikulosikopu, chipangizo choonera tizilombo tosaoneka ndi maso. Poti muli ku Blantyre mukhoza kufunsa ku ofesi ya boma yoona za ziweto, ku zipatala za ziweto zomwe si za boma, kapena ku bungwe loteteza ndi kusamalira nyama la BSPCA, ndipo owerenga a ku Lilongwe ali ndi chipatala cha bungwe longa lomweli la LSPCA. Dokotala adzafinya khungu ndi zala ziwiri kuti tizilombo tituluke m'timaenje, kenako adzapala ndi kampeni mpaka timagazi titayamba kuonekera. Musadabwe kapena kukhumudwa poona magaziwo, chifukwa akapala pamwamba pokha sapeza kanthu. Zopalazo amaziika pa kagalasi ndi kadontho ka mafuta, ndipo pa maikulosikopu kachilomboka kamaoneka ndi maonekedwe onga a ndudu, kokhala ndi timiyendo tifupitifupi 8 kutsogolo. Kuyeza kumeneku kumatenga mphindi zochepa, ndipo kumathandizanso kusiyanitsa matendawa ndi chipere, chimene chimathothola ubweya mofananamo koma mankhwala ake ndi ena, komanso chimapatsirana kwa ana.

Pa za mankhwala, zinthu zasintha kwambiri m'zaka zapitazi. Mapiritsi otafuna amene anapangidwira nkhupakupa ndi utitiri, monga Bravecto amene amaperekedwa kamodzi pa milungu 12, kapena NexGard ndi Simparica amene amaperekedwa mwezi uliwonse, apezeka kuti amapha Demodex bwino kwambiri. Mtengo wake umaoneka wokwera mukamagula, koma mukawerengera ndalama zimene mwawononga kale maulendo atatu popanda phindu, mudzaona kuti kusiyana kwake si kwakukulu. Ine ndikanakhala ndi galu wanu, ndikanayambira pamenepa. Mungomuuza dokotala ngati galuyo anayamba wakomokapo kapena kugwa ngati wa khunyu, chifukwa mankhwalawa amafuna kusamala pa agalu otero. Mapiritsiwa akapanda kupezeka, njira zakale zidakalipo, zomwe ndi ivermectin wakumwa tsiku ndi tsiku kapena kumusambitsa ndi dibi wa amitraz mlungu uliwonse kapena pakadutsa milungu iwiri. Njira ziwirizi zimafuna dzanja la dokotala. Ivermectin amatha kupha agalu a mtundu wa Collie ndi ena ofanana nawo, ndipo galu aliyense amene wayamba kudzandira, kuchucha dovu kapena kusaona bwino ali pa mankhwalawa ayenera kusiyitsidwa tsiku lomwelo n'kupita naye kuchipatala. Amitraz ndi yemwe uja amapezeka m'madibi ena a ng'ombe, koma mlingo wosungunulira galu ndi wina, ndipo womusambitsa ayenera kuvala magolovesi ndi kugwirira ntchitoyo panja popita mphepo.

Fungo ndi mafinya mwatchulazo si za Demodex ayi, koma za mabakiteriya amene alowa m'khungu loboolekalo. Amenewa ndi amene amamupweteka galu, ndi amene amamuyabwitsa, ndipo akalowerera mpaka m'magazi ndi amene amapha. Galu wanu adzafunika kusambitsidwa ndi sopo wa mankhwala monga chlorhexidine kamodzi kapena kawiri pa mlungu, thovu likhale pa khungu mphindi 10 musanatsukuluze, ndipo mapazi otupawo muziwaviika bwinobwino pakati pa zala. Mwina adzafunikanso maantibayotiki kwa milungu ingapo, osati masiku asanu okha.

Za oyilo wa galimoto ndikukanizani ndi mtima wonse. Oyilo wakutha ali ndi poizoni amene amalowa kudzera m'zilonda, galu amamunyambita n'kuwononga chiwindi ndi impso, ndipo safika n'komwe pansi pa timaenje pamene tizilombo tabisala. Dizilo ndi palafini nazonso zimangootcha khungu.

Gwiritsitsani lamulo la nthawi yosiyira mankhwala, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona kuchira kwa galu wanu. Mwezi uliwonse muzibwerera naye kuti akapalidwenso malo omwe aja. Mankhwala asasiyidwe mpaka dokotala atayeza kawiri motsatizana, motalikana mwezi umodzi, osapeza kachilombo ngakhale kamodzi, kamoyo kapena kakufa, ngakhalenso dzira. Kwa agalu ambiri zimenezi zimatenga miyezi iwiri kufika inayi, ndipo kwa amene matenda alowa m'mapazi zimapitirira apo. Mukasiya mankhwala, muzimuyang'anitsitsa kwa miyezi 12, makamaka kumaso ndi pakati pa zala, ndipo akadutsa chaka chimenechi osadwalanso ndi pamene timati wachira. Khungu likapola, kambiranani ndi dokotala zomuchita opaleshoni yotseka kubereka, kuti nyengo yofuna mphongo ndi bere zisadzamudzutsirenso matendawa.

FUNSO: Ndimaweta agalu a mtundu wa German Shepherd ndi kugulitsa ana ake. Galu wanga wina wamkazi anadwala mphere za Demodex thupi lonse ali wamng'ono, koma anachira ndipo papita zaka ziwiri osadwalanso. Kodi ndingamukweretse? Mayi wa ku Luwinga, Mzuzu.

YANKHO: Mayi, ndikudziwa kuti yankho langa likhudza bizinesi yanu, koma malangizo anga ndi akuti musamukweretse. Galu amene anadwala matendawa thupi lonse ali wamng'ono amakhala ndi kufooka kwa chitetezo kumene kumayenda m'magazi a banja lawo, ndipo ngakhale iye anachira, ana ake akhoza kutengera kufookako. Anawo amachoka kwa inu ali osalala bwino pa milungu 8, koma matenda amadzatulukira kwa ogula pa miyezi 4 kapena 5, ndipo ogulawo amadzabwerera kwa inu ndi madandaulo. Kuwonjezera apo, kutenga bere ndi kuyamwitsa kumamufooketsa mayi yemweyo moti matenda amene anagona zaka ziwiri akhoza kudzukanso. Zikanakhala kuti anangotuluka kadontho kamodzi kapena tiwiri timene tinatha tokha, ndikanakuuzani zina. Koma poti zinali za thupi lonse, mutseketseni, mumusunge ngati mlonda wa pakhomo, ndipo ngati mukudziwa amene anagula abale ake a bere limodzi, afunseni ngati nawonso anadwalapo musanasankhe galu wina wobereketsa kuchokera ku banja limenelo.