Kwa achemwali a ku Luchenza ofunsa za kutsuka m'mimba apendikisi atachotsedwa

Achemwali, mwati anakuchotsani apendikisi zaka zapitazo, pano akutumizani ku Queens kukaunikidwa matumbo ndi colonoscopy, chipangizo chokhala ndi kamera chomwe amalowetsa m'thumbo lalikulu, nde mwamva kuti mankhwala otsukira m'mimba omwe munthu amamwa asanaunikidwe amakokolola tizilombo tabwino tonse ndipo kwa munthu wopanda apendikisi sitibwereranso, mpaka mukuganiza zongomwako theka. Chonde theka ayi, imwani onse mmene akuuzireni.

Zoti mankhwalawa amakokolola mabakiteriya nzoona ndithu. Ambiri mwa mankhwalawa amakhala ndi ufa wotchedwa polyethylene glycol, umasungunula m'madzi malita 2 mpaka 4 kutengera mtundu wake, madziwo salowa m'thupi amangodutsa m'matumbo kukankha chilichonse chomwe apeza. Kafukufuku wina wa mu 2015 anapeza kuti akangotha kutsuka mabakiteriya amachepa ka 31, komano pomatha masiku 14 anthu aja anali atabwerera mwakale, ndipo omwe anamwa mankhwalawo mogawa pawiri anasokonekera pang'ono kusiyana ndi omwe anagugudiza onse nthawi imodzi. Mukafunse ngati mungamwe ena madzulo ena m'mawa wa tsikulo, kumatsuka bwinonso kuposa kumwera kamodzi.

Za apendikisi zinachokera kwa asayansi a ku Duke University ku America mu 2007. Iwo anati kathumba kaja, kamene kali mmunsi mwa mimba kumanja pomwe thumbo lalikulu limayambira, kamasunga mabakiteriya abwino ngati mmene timapatulira chimanga cha mbewu, kuti munthu akatsegula m'mimba kwambiri monga nthawi ya kolera tizilomboto tituluke tidzazenso matumbo. Ganizoli ndi lomveka ndipo ine ndimaliona kuti lili ndi mutu, koma sanati apendikisi ndi malo okhawo obisalamo. Thumbo lalikulu ndi lotalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, khoma lake lonse lili ndi chinanda chomwe mabakiteriya amakakamirapo, madzi a tsiku limodzi sangachotse onse olo pang'ono, otsalawo ndi amene amaswana. Kwa inu mwina mitundu ina ingachedwerepo kukhazikika, basi. Anthu ochotsedwa apendikisi amaunikidwa ndi colonoscopy tsiku ndi tsiku dziko lonse lapansi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine nchina. Mukapanda kutsuka bwino dokotala saona khoma la thumbo, tizotupa ting'onoting'ono tomwe amati ma polyp, tina mwa ito ndi timene timadzasanduka khansa pakapita zaka, timabisala pansi pa chimbudzi, nde akubwezani kuti mudzabwerenso, transipoti ya Luchenza mpaka Limbe kenako Ginnery Corner kawiri, kudikiranso deti ina, ndi kumwanso mankhwala omwewo mukuwaopawa. Muziona chomwe chikutuluka, pomaliza chizikhala madzi achikasu oonekera.

Masiku awiri atatu musanapite siyani kaye mgaiwa, nandolo, nyemba, nkhwani, magwafa ndi chilichonse cha njere, idyani nsima ya ufa woyera kapena mpunga ndi mazira kaya nkhuku. Tsiku lomwa mankhwala ndi zamadzi zoonekera zokha, tiyi wopanda mkaka, msuzi wosefa, zakumwa zofiira ayi chifukwa zimaoneka ngati magazi pa kamera. Imwani madzi ambiri, kutentha kwa kuno munthu amafooka msanga. Ngati mumamwa mapilitsi owonjezera magazi aja a ayironi, a shuga, a BP, ochepetsa kuundana kwa magazi kapena muli ndi vuto la impso muwauze a ku Queens pano osati tsiku lomwelo, a ayironi nthawi zambiri amasiyitsa kwa sabata chifukwa amadetsa matumbo. Muwauzenso za opaleshoni ya apendikisiyo, nthawi zina imasiya zipsera mkati zomwe zimapangitsa chipangizocho kuvuta pokhota.

Mukabwerako mpamene mungathandize tizilomboto, chakudya chawo ndi zomwe munasiya zija. Yambani ndi phala, kenako pang'onopang'ono bwezerani mgaiwa, nandolo wathu uyu, bonongwe, chisoso, nthochi za ku Thyolo, mapeyala, chambiko kapena yogati ngati mimba yanu imalola. Mabotolo odula a ma probiotic, mabakiteriya abwino ochita kugula aja, ine sindingakuuzeni kuti muwononge nawo ndalama. Kufufuma ndi mpweya kwa masiku angapo zimachitika, ndipo apa mpamene ambiri amalakwitsa, amathamangira ku golosale kukagula Flagyl kapena amoxicillin, pomwe ma antibayotiki ndi amene amasokoneza mabakiteriya abwino kwa miyezi, kuposa kutsuka kuja kutalitali. Koma mimba ikamapweteka kwambiri, thupi likatentha, magazi akamatuluka ambiri kapena kutsegula kukapitirira masiku atatu, musadikire kuyankhidwa pa gulu pano, pitani kuchipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje ndi kapepala komwe akupatseni ku Queens.