Sirapu ya gingerbread yopanga wekha: chifukwa chake yanu ikumveka ngati mankhwala a chimfine

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena omwe akukhala ku Leeds kuno ku England, amagwira ntchito yosamalira okalamba mashifiti ausiku, nde ndati ndiwayankhire pano chifukwa ndikudziwa kuti sali okha. Akuti chiyambireni Novembala akamaweruka m'mawa kunja kuli zii kuzizira amadutsira pa shopu ya khofi kukagula gingerbread latte, khofi wamkaka wothira sirapu ya fungo la keke ya jinja, koma atawerengetsera ndalama zomwe zapita mwezi umodzi wokha anangoti ayi izi nzosayenda, kumudzi ana akudikira fizi. Anayesa kupanga okha sirapuyo kawiri. Koyamba anawiritsa jinja wamuwisi ndi shuga woyera, zinatuluka ngati zija ankatimwetsa amayi tikadwala chimfine. Kachiwiri anathiramo sinamoni wa ufa wambirimbiri, itazizira inasanduka yoterera ikumatamuka pa supuni ngati therere. Funso lawo ndi loti akulakwitsa pati, komanso ngati angathe kukapanga kumudzi poti chaka chino Khrisimasi akadyera konko.

Achemwali, pepani ndinayamba ndaseka kaye, za therere zija nanenso zinandionekera chaka changa choyamba kuno, botolo lonse ndinakhuthulira mu sinki.

Chomwe chakupusitsani ndi dzinalo. Mukamva gingerbread mumaganiza kuti nkhani yonse ndi jinja, pomwe fungo lija mumalimva mu kapu ija ndi la keke, ndipo kekeyo chomwe chimaipatsa mtundu wakuda uja ndi kukoma kokhala ngati shuga wopsererako pang'ono ndi molasses, madzi akuda onanda otsala popanga shuga, kuno amati black treacle, ija ya m'chitini chofiira cha Lyle's imene mumaidutsa pa shelefu ya zophikira makeke. Popanda imeneyo olo muthiremo jinja thumba lonse mupangabe tiyi wa chimfine basi. Shuga woyera amangotsekemera, alibe fungo lililonse.

Chachiwiri ndi jinja weniweniyo. Azungu akhala akuphika makeke amenewa zaka mazanamazana, ku Nuremberg ku Germany ali ndi awo amati Lebkuchen, kuno ku England kuli kamudzi kotchedwa Grasmere komwe mayi wina dzina lake Sarah Nelson anayamba kugulitsa gingerbread wake mu 1854 ndipo kashopu kake kalipobe mpaka lero. Nanga jinja amamera ku England? Ayi, ankabwera pa sitima za pamadzi kuchokera kutali atauma kale, nde kukoma komwe anthuwa amakutcha gingerbread ndi kwa jinja wouma, wa ufa. Ndipo sizofanana ndithu. Mu jinja wamuwisi chimene chimaluma pakhosi chimatchedwa gingerol, ndipo wamuwisiyo amakhalanso ndi kafungo konga ka ndimu, koma jinjayo akauma gingerol wina amasanduka shogaol yemwe amaluma kwambiri komanso amatenthetsa mkamwa mochedwa kuchoka. Ine ndimaika onse awiri koma wa ufa ndiye mwini nyumba, wamuwisi ndi mlendo chabe.

Za therere tsopano. Sinamoni ndi khungwa la mtengo, ndipo akamupera n'kumuwiritsa m'madzi amatulutsa zinthu zonanda zomwe zimagwirana madziwo akazizira, ukachulutsa nde zimafika poterera choncho. Sikuti yaonongeka, mutha kumwa osadwala, koma ndani angafune. Gulani sinamoni wa timitengo, m'mashopu a amwenye amakhala wotchipa kwambiri kusiyana ndi timabotolo ta mu supamaketi, ndipo ma clove ndi jinja wa ufa mugule komweko.

Mmene ndimapangira ine ndi chonchi. Mu kapoto ndimaika madzi kapu imodzi, ya 250ml ija, shuga wa bulauni wodera kwambiri magalamu 200, akapezeka muscovado ndi bwino koposa, treacle masupuni akulu 2, jinja wa ufa supuni yaikulu imodzi, jinja wamuwisi kachidutswa kotalika ngati chala chachikulu kodula mopyapyala osasenda n'komwe bola mwatsuka, timitengo ta sinamoni 2 tothyola pakati, ma clove 4, njere za tsabola wakuda 5 zophwanya pang'ono ndi kunsi kwa kapu, nutmeg wopala pang'ono kwambiri ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri. Ma clove ndanena 4 ndipo ndi 4 yemweyo, musati poti ndi tating'ono muonjezere, mafuta ake ndi aja amachititsa dzanzi dzino likamawawa, mukaika 10 lilime lonse lifa ndipo khofi wanu azimveka ngati muli kwa dokotala wa mano. Tsabola wakudayo anthu amadabwa naye koma ndi amene amapangitsa kuti kapu ikatha pakhosi pazitenthabe.

Moto ukhale wochepa. Muzitakasa mpaka shuga asungunuke, ikayamba kubwata muchepetsenso kuti izingotulutsa timathovu m'mbali, mphindi 10 zakwana. Apa mpamene ambiri amaonongera chifukwa ikakhala yotentha imaoneka yamadzimadzi nde munthu umati sinapse, umaisiya mphindi 25, mawa lake ukupeza mu botolo muli phula loti supuni ikuima yokha, mwinanso shuga waundana pansi ngati miyala. Imalimba ikamazizira, ikhulupirireni. Mukaphula vundikirani muisiye theka la ola kapena ola lathunthu ngati simukuthamangira ku shifiti, nthawi imeneyi ndi imene sinamoni amatulutsa fungo lake bwinobwino. Vanilla ngati muli naye, theka la kasupuni kakang'ono, alowe pamenepa moto utazima, mukamuwiritsa fungo limathawa.

Kusefa ndi ntchito yotopetsa, ndisakunamizeni. Sefa wa tiyi yekha amagwira timitengo ndi ma clove koma ufa wa jinja umadutsa, nde muyale kansalu koyera kopyapyala mkati mwa sefayo ndipo musafinye ndi mphamvu. Mapepala osefera khofi musayese, amatsekeka pa mphindi imodzi mungokhala mukuyang'anizana nawo. Olo mutasefa bwanji pansi pa botolo padzakhalabe kamatope pang'ono, ine ndimangokhutchumula ndisanathire.

Botolo likhale lagalasi, muliwiritse m'madzi mphindi 10 pamodzi ndi chivundikiro chake, liume, kenako sirapuyo ilowe mu firiji. Imakhala masabata 2 mpaka 3. Mukaona tinthu toyera tayandama pamwamba kapena ikununkha ngati thobwa logonera, tayani osamva chisoni, komanso musamalowetsemo supuni yomwe mwatakasira kale mkaka. Muyeso umenewu umatulutsa pafupifupi kapu imodzi ndi kachidutswa, mukamaika supuni yaikulu imodzi ndi theka pa kapu ndi makapu opitirira 10, werengerani nokha mtengo wa ku shopu kuja.

Pa kapu yeniyeniyo sipafunika mashini. Khofi wamphamvu pang'ono pansi, olo wa instant, supuni 2 zazing'ono m'madzi otentha ochepa, sirapu ilowe mmenemo musakanize, mkaka mutenthetse pawokha osaufikitsa pobwata nde muuthire mu botolo lotseka bwino, likhale theka, mulikulunge ndi kansalu n'kukhutchumula mpaka thovu, basi mwatha. Musawiritse sirapu ndi mkaka limodzi pa moto waukulu, treacle ali ndi kaasidi pang'ono ndipo nthawi zina mkaka umadukaduka. Ana muwaikire mu koko kapena Milo, koma muchepetse chifukwa Milo ndi wotsekemera kale. Ine pandekha ndimaikonda kwambiri mu tiyi wamkaka kuposa mu khofi, Chombe akakhala kuti wina wandibweretsera, ndipo Lamlungu ndimadonthezera pa phala la oats.

Za kumudzi, kupanga mupanga ndithu, jinja ali mbwee m'misika ndipo timitengo ta sinamoni ndi ma clove mukazipeza m'mashopu a zokometsera ku Limbe kapena ku Lilongwe. Vuto ndi treacle. Nzoseketsa chifukwa molasses timapanga tokha wambirimbiri ku Nchalo ndi ku Dwangwa komwe amapanga shuga, koma ambiri mwa iye amapita kopanga ethanol ndi ku zakudya za ng'ombe, nde wina akakupatsani wa m'chigubu cha ku khola musamuike mu chakumwa cha anthu, sanakonzedwere zimenezo. Shuga wathu wa bulauni ndi wabwino koma ndi wowala, fungo la molasses lilimo lochepa. Chomwe mungachite ndi kutenga masupuni 4 a shugayo kuwaika okha mu poto wouma pa moto wochepa mpaka asungunuke n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka, kenako muthire madzi otentha pang'onopang'ono mutaima chapatali chifukwa amathovoka moopsa, ndiye muonjezere zina zonse zija. Akafika pakuda bii ndi utsi wapserera, amawawa, yambiraninso. Jaggery, shuga wosayenga wa amwenye uja, akapezeka nayenso amagwira bwino ntchito m'malo mwa shuga yense.

Koma achemwali mwaiwala kodi mmene kumakhalira kwathu mu Disembala? Latte wotentha masana dzuwa lili pamutu mvula ikukonzekera, alendo anu adzangomwa mwaulemu thukuta lili kamukamu. Kumeneko muwaikire masupuni 2 mu tambula ya soda water wozizira ndi ndimu, imamveka ngati Stoney wapamwamba, wotenthayo musungire m'mawa kukagwa mvula, kapena muwaphunzitse azakhali kuti adzapange mu Juni chiperoni chikafika. Ndipo poti magetsi amatha kuzimazima firiji n'kukhala ngati kabati, muzipanga theka la muyeso ndi kumaliza mkati mwa sabata, kapena muchulutse shuga akhale makapu 2 pa kapu imodzi ya madzi, yotero imachedwa kuonongeka, nde muzithira pang'ono.

Botolo lopanga kale musanyamule pa ndege, tengani chitini chimodzi cha treacle chosatsegula, muchikulunge m'majumbo awiri ndi kuchiika mu sutikesi yaikulu pakati pa zovala zakuda, mu kachikwama ka m'manja akhoza kukulandani pa sekyurite.